Injini ya Chigomezgo

Tsiku limene Towela anakumana ndi Allan, mvula inali itangokata kumene, ndipo pa siteji ya minibasi ya ku Makata panali matope okhaokha. Towela anali ataweruka ku galaja ya a Ackson, kumene ankagwira ntchito ya mawaya a galimoto, ndipo ankadikira minibasi ovolosi ataipinda m'chikwama.

Kagalimoto kofiira, Sitaleti yakalekale, kanabwera kakutsokomola n'kudzazima pamalo penipeni pomwe minibasi zimaima. Oitanira sanachedwe.

"Bigi, tachotsani wilibala yanuyi tikweze anthu."

Mwini wake anatuluka. Anali mnyamata wamtali, wa shati yoyera ndi tayi. Anatsegula boneti n'kumangosuzumiramo ngati munthu amene wagwetsera ndowa m'chitsime. Towela anayesa kuyang'ana kumbali, koma manja anamuyabwa.

"Tasunthani ndione," anatero.

"Mumadziwa za galimoto, achemwali?"

"Nanga inuyo mukudziwa?"

Mnyamatayo anaseka, nasuntha. Vuto silinali lalikulu. Madzi anali atalowa pa waya wa koyilo. Towela anaupukuta ndi kansalu, naukanikiza bwino, n'kumuuza kuti akalize. Galimoto inalira nthawi yomweyo.

"Ine ndine Allan. Ndikakusiyani pamatope pano, Mulungu sandikhululukira. Mukulowera kuti?"

"Ku Chilomoni."

"Ndiye lero njira yanga ndi yomweyo."

Pa chitunda cholowera ku Chilomoni kagalimoto kaja kanayamba kubuula. Minibasi yodzaza anthu ndi matumba a makala inawapitirira, kondakitala akuwabayibitsa. Allan anapukusa mutu.

"Mwaona manyazi anga? Loweruka lililonse anzanga amakumana kumsewu wa ku Chileka kukayesana liwiro. Ine ntchito yanga n'kuwaombera m'manja. Ndikanangopeza injini ya tabo n'kuiika muno, bwenzi akundipatsako ulemu."

"Tabo mumaidziwa, kapena mumangoimvera kwa anzanuwo?"

"Ndimadziwa kuti imalira mokoma."

Towela anaseka, namufotokozera mmene iye anaphunzirira: utsi wotuluka m'injini umazunguza kafani, kafaniko n'kumakankhira mpweya wochuluka m'injini momwemo, ndipo injini yaing'ono imayamba kukoka ngati yaikulu. Allan ankamvetsera maso ali pa iye kuposa pamsewu.

"Yang'anani kutsogolo," Towela anatero.

"Ndikuyesetsa, Injiniya, koma zikuvuta."

Chimene Towela sanamuuze tsiku limenelo n'chakuti injini yoteroyo inalipo kwawo. Inali m'kachipinda ka katundu kuseri kwa nyumba, itakhazikidwa pa matayala akutha, itafunditsidwa lona. Inali ya Chigomezgo, mchimwene wake wamkulu, amene anamuphunzitsa kugwira sipanala akadali ku sekondale. Chigomezgo anaigula kwa munthu wophwasula magalimoto ochokera ku Japan, kuti aiike m'kagalimoto kake. Anaitsuka, anaigulira magasiketi atsopano, anasonkhanitsa mawaya ake onse ndi kompyuta yake. Kenako anadwala impso, ndipo sanadzukenso.

Galimoto ya malemuyo inagulitsidwa, koma injini Towela anaikaniza. Ogula ankabwera n'kubwerera chimanjamanja. Nthawi ndi nthawi ankalowa m'kachipindako, kuthira timadontho ta oyilo m'mabowo a mapulagi, n'kuizunguza ndi sipanala kuti isagwirane. Akatero ankamva ngati wacheza ndi mchimwene wake.

Allan ankagulitsa malata ndi utoto pa kampani ina ku Makata komweko. Nthawi ya nkhomaliro anayamba kutulukira pa galaja, tchipisi cha pachiwaya chili m'manja. Pa foni napo mauthenga sankaduka.

"Injiniya wanga, mtima wanga wazima pa siteji. Bwera udzaulize."

"Kagwireni ntchito inu," Towela ankayankha, uku akumwetulira yekha pansi pa galimoto ya eni.

"Towe, ndikatseka maso ndikuona iwe, ndikatsegula ndikuona malata. Bwana akandichotsa ntchito chifukwa chogona masana, mlandu ndi wako."

Anyamata ambiri ankamuopa Towela. Ena ankamuseka kuti ndi mwamuna mnzawo. Koma Allan ankamugwira dzanja pagulu, ovolosi ili m'thupi, ndipo akakumana ndi anthu odziwana nawo pa galaja ankati, "Awa ndiwo andilodza." Ndi mtsikana uti akanalimba mtima?

Za kwawo Allan anafotokoza asanafunsidwe n'komwe. Anati ankakhala ku Kanjedza m'nyumba ya achemwali ake, namwino, amene anali ku Lilongwe kukawonjezera maphunziro.

"Ndi munthu wovuta, wopemphera kwambiri, ndipo aneba amawauza chilichonse. Ndikakulowetsa m'nyumba mwawo tisanalongosole, tidzayamba moipa. Ndikufuna udzalowemo ngati mlamu wawo, osati mozembera."

Towela anaona kuti amenewo anali mawu a mwamuna waulemu, ndipo anamukondera pomwepo.

Mayi ake a Towela anali mphunzitsi wopuma, wa kwawo ku Rumphi, amene anakhazikika ku Chilomoni ndi malemu amuna awo kalekale. Tsiku limene Allan anakaonekera kwa iwo anagwada popereka moni, anadya zimene anapatsidwa, anayamikira ngakhale madzi akumwa. Asanatsanzike, Towela anamutengera kuseri n'kuvundukula lona uja.

Allan anayandikira. Anakhudza tabo ndi nsonga za zala.

"Ndiye unali nayo nthawi yonseyi?"

"Ndi ya malemu achimwene."

"Ifunditse, Towe. Chinthu ngati ichi sindingakupemphe. Ndingakhale munthu wamtundu wanji?"

Ndipo sanapemphedi. Masabata anadutsa osaitchula. Koma Loweruka lina anamutenga kumsewu wa ku Chileka, kumene Towela anadzionera yekha mmene anzake ankamutengera Allan. Ricky, amene galimoto yake inkaposa zonse, anamumenya paphewa anthu akumva.

"Aise, iwe uzinyamuka dzulo kuti tizifika limodzi."

Allan anaseka nawo, koma pobwerera nkhope yake inali itagwa. Towela ankamuyang'ana cham'mbali, mtima ukumupweteka ngati wosekedwayo anali iye.

"Injini ija ikungodikira dzimbiri," anatero pomaliza. "Achimwene sanaigule kuti izigona m'nyumba."

Allan anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, namugwira manja onse awiri.

"Towela, tamvera lonjezo langa. Galimoto iyi kuyambira lero ndi yathu. Tsiku la ukwati wathu ndi imene idzakutenge ku Chilomoni kupita nawe ku tchalitchi. Achimwene ako sadzakhalapo kuti akuperekeze, koma injini yawo idzakuperekeza."

Towela analirira pa shati yake yoyera ija mpaka inanyowa.

Mayi ake sanasangalale nazo.

"Katundu wa malemu amapita kwa mlamu, osati kwa chibwenzi," anatero.

"Ndi mlamu kale, amama. Changotsala n'choti akuluakulu akumane."

Allan anabwera yekha kudzanena pamaso pawo kuti ntchito ya galimoto ikangotha atumiza amalume ake. Mayiwo anamuyang'anitsitsa, kenako anapereka kiyi wa kachipinda.

A Ackson anawalola kugwirira ntchitoyo pa galaja Loweruka masana, makasitomala akatha. Anatsitsa injini yakale ndi tcheni n'kuikankhira pakona. Yatsopanoyo sinangolowa ngati phazi m'nsapato. Panafunika kuwotcherera mabulaketi ena oti ikhalepo. Paipi ya ekizozi inkagunda pansi. Kutsogolo kunalibe malo a karadiyeta koziziritsa mpweya wa tabo, mpaka anachita kudula bampala. Anaika pampu ya petulo yamphamvu ndi kilatchi yolimba.

Mawaya ndiwo anamudyera Towela nthawi. Ankagona chagada pansi pa chiwongolero, akulondola waya uliwonse kuchokera ku injini kukafika ku kompyuta, khosi likuwawa. Allan ankamuunikira ndi foni, kumupatsira zida, nthawi zambiri zolakwika, ndi kumupukuta thukuta pamphumi.

"Ana athu adzabadwa atagwira sipanala," anatero tsiku lina.

"Woyamba akadzakhala wamwamuna..."

"Chigomezgo. Usamalize n'komwe."

Towela anabisa nkhope pansi pa chiwongolero kuti asaoneke mmene mawuwo anamufikira.

Tsiku loiliza injiniyo, Towela ndiye anazunguza kiyi. Poyamba inangotsokomola. Kenako inagwira, n'kuyamba kulira mozama, mosalala, ngati sinagonepo zaka. A Ackson, amene anamudziwa Chigomezgo, anavula kapusi.

"Mnyamata uja akanaimva," anatero chapansipansi.

Atapita nayo pamsewu wopanda anthu, Allan anaponda. Galimoto inanyamuka mwaulesi ngati kale, kenako tabo inaimba mluzu ndipo mpando unawakankha kumsana. Mitengo inayamba kuthawira kumbuyo. Allan ankakuwa ngati mwana. Towela ankaseka misozi ikutsika, osadziwa kuti akulirira chimwemwe kapena maliro akale.

Ataima, Towela anagwira Allan pamkono.

"Tsopano undimvere. Mphamvu tawonjezera, koma mabuleki ndi akale, a galimoto yoyenda ngati ngolo. Sabata ya mawa ubwere nayo tiike aakulu. Kufikira pamenepo usathamange m'tauni, ndipo usabwereke munthu aliyense. Chinanso, ukafika kumene ukupita usamangozimitsa. Uziisiya ilire pang'ono kuti tabo izizire, apo ayi uipha."

"Mawu a Injiniya ndi lamulo la boma," Allan anayankha, namupsompsona pamphumi.

Sabata ya mawa ija sinafike. Loweruka lililonse Allan anali ku Chileka, kumene tsopano Ricky ndi amene ankatsalira m'fumbi. Tchipisi cha masana chinayamba kudumpha masiku. Mauthenga anafupika.

"Bebi, ntchito yachuluka. Mawa."

"Nanga mabuleki?"

"Mawa lomwelo."

Patapita nthawi unabwera wina: "Achemwali abwerako ku Lilongwe. Kutuluka kwavuta, amafunsa chilichonse. Pirira, duwa langa, ndikuwakonzekeretsa za iwe pang'onopang'ono."

Towela anapirira. Nyengo yozizira inadutsa, kunayamba kutentha. Amalume ake a Allan akapanda kudwala, ndiye kuti apita kumaliro. Kodi munthu angachite kudzipangira maliro? Towela ankadzidzudzula yekha akayamba kukayika.

Mayi ake ndiwo anatopa. Anaimbira foni abambo ake aang'ono a Towela ku Rumphi, nagwirizana kuti abwere adzakumane ndi akuchimuna Loweruka lomaliza la mwezi. Towela atamuuza, Allan anayankha mwachangu.

"Ngakhale kugwe chimphepo, Loweruka limenelo amalume adzakhala pakhomo panu. Ndikulumbira pa moyo wanga, mayi wa ana anga."

Uthenga umenewo Towela anauwerenga mobwerezabwereza, mpaka anausonyeza mayi ake.

Lachiwiri la sabata yomweyo, m'mawa, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo, mawu a mzimayi waulemu.

"Ndikuyankhula ndi a mawaya a ku Makata?"

"Eya, ndine."

"Ndinu amayi? Pepani, ndimayesa ndi abambo. Ndili ndi galimoto imene munaigwirapo ntchito. Ndingabwere nayo?"

Towela anamulondolera njira ya ku galaja n'kubwerera ku ntchito yake, osaganizanso kanthu. Dzuwa litakwera anamva kulira kwa injini kumene akanakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Anatuluka akupukuta manja, akumwetulira, poyesa kuti Allan wakumbukira za mabuleki.

Pa chiwongolero panali mzimayi wa yunifolomu ya unamwino. Kumbuyo kunali kamtsikana kakang'ono kali ndi pulasitala pamphumi. Nyali yakumanzere inali yosweka, bampala ikulendewera.

Achemwali aja ndi amenewa, Towela anaganiza. Anakonza kolala ya ovolosi, napinda bondo popereka moni, monga amachitira munthu kwa mlamu wake wamkulu.

"Ndine Mildred, ndinakuimbirani m'mawa," anatero mzimayiyo. "Galimoto iyi ndi yanga, ndinaigula ndisanapite kusukulu ku Lilongwe. Pobwerako ndapeza yasanduka chilombo. Dzulo ndimachokera kotenga mwana ku mkombaphala ku Chitawira. Ndinangoponda pang'ono kuti ndipitirire lole, iyo kulumpha ngati yalumidwa ndi njuchi. Kuponda buleki, osagwira msanga. Ndinakaimira pa khoma la ngalande. Mwanayu anamenyetsa mutu pampando."

Towela anayang'ana pulasitala pamphumi pa mwanayo.

"Allan sanakuuzeni kuti musaiyendetse?"

"Bambo a Olivia? Iwowo amangoti ndizolowera. Ndawauza kuti abwezeretse injini yakale, akukana. Ndiye ndinachita kufufuza ndekha m'foni mwawo kuti ndipeze amene anaikonza. Nambala yanu anailemba kuti Mawaya Makata."

"Mwati bambo a ndani?"

"A Olivia, mwana wathuyu. Amuna anga."

Pa galaja wina ankamenya chitsulo ndi hamala, wina ankaliza wailesi, koma Towela sanamvenso chilichonse. Anayang'ana kamtsikana kaja. Mphumi, maso, ngakhale mmene kanapendekera mutu, zonse zinali za Allan. Anagwira denga la galimoto, osamva n'komwe kuti likuotcha.

"Achemwali, muli bwino? Takhalani pansi."

Mildred anamukhazika pa tayala, namugwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima, monga ankachitira ndi odwala ake. Dzanja lake linali lofewa, ndipo pa chala panali mphete.

Towela akanatha kunena kuti ndi dzuwa. Akanatha kukonza galimotoyo, kutsanzikana ndi mzimayi wabwinoyu, n'kukalirira kwayekha. Koma mzimayiyo ankamuyang'ana ndi chifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinamulepheretsa kunama.

"Anandiuza kuti ndinu achemwali awo," anatero.

Dzanja la Mildred linaleka pang'onopang'ono. Anatembenuka, nauza mwana kuti akhalebe m'galimoto asewere ndi chidole chake, kenako anabwerera.

"Pitirizani."

Towela anafotokoza zonse, kuyambira pa siteji paja. Pomaliza anamupatsa foni. Mildred anawerenga ataimirira, milomo italumana. Atafika pa uthenga wa lumbiro uja anaima.

"Loweruka lino?"

"Abambo anga aang'ono afika Lachisanu kuchokera ku Rumphi."

Mildred anakhala pa tayala lina pambali pake, osasamala za yunifolomu yoyera.

"Ine kugona ndi mabuku ku Lilongwe," anatero kenako, "mwana nditamusiya kwa mayi anga, ndikuti ndikumanga banja. Ndikaimba foni ankati, 'Mami, limbikira, kuno ndikungokusowa.' Kani ndinali achemwali." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Nanga injiniyi anaitenga kuti? Ine anandiuza kuti anagula ku Limbe."

"Ndi ya malemu achimwene anga."

Mildred anagwira pakamwa.

"Itengeni," anatero. "Ngati yanga yaulesi ija ilipo, ndibwezereni."

"Ilipo. Ili pakona apo."

Towela kunyumba sananene kanthu. Akafika ankapeza mayi ake akuchapa makatani, akusesa ngakhale malo osesa kale, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Akanayambira pati? Ankangoti mutu ukumupweteka, n'kukadzitsekera.

Allan anatulukira pa galaja Lachitatu masana, pa njinga ya kabaza. Anapeza injini ya Chigomezgo itatuluka kale, ikulendewera pa tcheni. Towela ankamasula mapaipi, ndipo sanadzutse mutu.

"Towe. Injiniya wanga. Ndilole ndifotokoze."

Sipanala inapitiriza kuzungulira.

"Banja lija linatha kalekale, changotsala ndi dzina. Ndimadikira nthawi yabwino yoti ndikuuze. Amene ndimamukonda ndi iwe, Mulungu ndi mboni."

"Nthawi yabwinoyo inali Loweruka? Pamaso pa abambo anga?"

"Ndikanapeza njira."

"Amalume ako akanadwalanso."

"Usatero, bebi."

Towela anaika sipanala pansi, namuyang'ana koyamba.

"Zanga zisiye. Mwana wako wakhala akukwera galimoto imene ndinakuuza kuti mabuleki ake ndi ochepa. Unkadziwa kuti amakweramo. Akanafa, manja omupha akanakhala angawa. Unaganizapo zimenezo?"

Allan anayang'ana pansi. Nkhope yake inali yotopa, ndevu zosameta, ndipo Towela anadzida yekha pomva kuti mtima wake ukumumverabe chisoni. Mpaka nthawi imeneyo, kamtima kena kopusa kankayembekeza kuti mwina munthuyu wabwerera iye.

Allan anadzutsa maso, koma sanafike pa Towela. Masowo anakatera pa tcheni paja.

"Chabwino, ndalakwa. Zathu tikambirana, mtima ukatsika. Koma injiniyi usachotse, Towe, ndakupempha. Loweruka kuli mpikisano waukulu, akubwera ndi a ku Lilongwe omwe. Ndinalonjeza kale anthu. Ingoibwezera, pambuyo pake uchite zimene ukufuna."

"Loweruka liti?"

"Lino."

Anazindikira mawuwo atatuluka kale. Linali tsiku lomwe lija analumbira kuti amalume ake adzabwera.

"Choka, Allan," Towela anatero. Sanakweze mawu.

"Duwa langa..."

A Ackson, amene anali akumva zonse ali pansi pa lole, anatuluka akudzisasa fumbi.

"Mwamva, bambo. Geti ndi ilo."

Allan atapita, Towela anamasula tabo kuti aitsuke. Anagwira kafani kake ndi zala, kali gwedegwede. M'kati oyilo anali atapsa, wakuda ngati phula. Munthu uja sanaisiyepo kuti izizire. Chinthu chimene mchimwene wake anachikonza ndi manja ake, chimene iye anachisamala zaka zonsezi, chinatha m'miyezi yochepa kuti anyamata aombe m'manja.

"Pepani, achimwene," anatero, taboyo ili pamiyendo. A Ackson anauza anyamata a pagalaja kuti apite kukadya, ngakhale nthawi inali isanakwane.

Lachisanu Mildred anabwera yekha kudzatenga galimoto. Injini yakale inali itabwerera m'malo mwake, nyali yatsopano, bampala itamangidwa. Anailiza, namvetsera kulira kwake kwaulesi kuja.

"Sindikudziwa ngati ndikukwiyireni kapena ndikuthokozeni," anatero.

"Nanenso sindikudziwa choti ndikuuzeni. Mwana ali bwanji?"

"Bala likupola. Tili kwa mayi anga ku Bangwe. Za mawa sindikuzidziwa." Anagwira giya, kenako anayang'ananso Towela. "Mwawauza kwanu?"

Towela anapukusa mutu.

"Auzeni lero. Musagone nazo."

Galimoto inatuluka pa geti pang'onopang'ono, ikudikira kuti malole adutse.

Masana omwewo a Ackson anakweza injini ya Chigomezgo pa pikiapu yawo, namuperekeza Towela ku Chilomoni.

Pakhomo anapeza mipando yobwereka kutchalitchi itandandalikidwa kale pansi pa mtengo wa mapeyala. Pakhonde panali abambo ake aang'ono, atangofika kumene, akupolisha nsapato zawo za mawa. Atamuona anaimirira, manja ali tambasu, nkhope yonse ikuseka.

"Mkwatibwi wathu uja ndi ameneyu. Mwana wa mkulu wanga wakula."

Mayi ake anatuluka m'nyumba ndi nsalu yopukutira mbale. Anayang'ana chimene chinali pa pikiapu. Anayang'ana mwana wawo. Nsalu ija anaipinda bwinobwino, naiika pa khoma la khonde.

"A Ackson, zikomo. Tsitsirani kuseri, pang'onopang'ono," anatero. Kenako anayandikira Towela, namuyankhula motsitsa kuti ena asamve. "Lowera khomo la kukhitchini, mwana wane. Abambo ako ndiwauza ndine."

Towela analowa m'chipinda chake. Pabedi panali diresi la chitenje limene telala anamaliza dzulo lake, litasitidwa, mpango wake uli pambali. Analisuntha pang'ono kuti lisakwinyike, nakhala m'mphepete mwa bedi.

Kudzera pazenera ankamva mayi ake akuyankhula Chitumbuka chapansipansi. Kuseka kwa abambo aang'ono kunaduka. Kenako kunayamba kumveka mipando ikusanjikizidwa, umodzi pamwamba pa unzake, ndipo apa m'pamene Towela analira, kulira kwenikweni, nkhope ataikwirira m'pilo kuti aneba asamve.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Mayi ake anatenga diresi lija, naliika m'kabati, n'kudzakhala pambali pake. Anaika dzanja pamsana pake.

"Lira umalize," anatero. "Ukatuluka, palibe amene akufunse kanthu."